Bambo Anga pa Khonde la a Makinishita

Titabwerako ku Malawi nkhondo itatha, tinapeza mudzi wathu wa kufupi ndi Itepela utabwerera kutchire. Pamene panali bwalo panamera mitengo yonenepa ngati ntchafu ya munthu, ndipo anthu ankakangana kawirikawiri za malire a minda, poti zizindikiro zakale zinali zitapsa. Pa mikangano imeneyo m'pamene ndinayamba kunyadira pakamwa pa bambo anga. Sanali mfumu kapena nduna, koma akayamba kunena za nthaka anthu ankakhala chete. Mawu awo ankatuluka pang'onopang'ono, olemera, osabwereza. Akatchula dambo ankatchulanso amene ankalima kumtunda kwake ndi amene anamwalira asanakolole, mpaka okanganawo mtima n'kutsika. Za nkhondo yeniyeniyo sankanena. Ankangoti "nthawi ija", n'kupitiriza zina.

Ine ndinali mtsikana wotha msinkhu, ndipo ndinkayesa kuti bambo amalankhula choncho kulikonse, ndi munthu aliyense.

Sukulu ndinaiyambira ku Malawi, ndipo ndinafika nayo patali ndithu. Kwathu kunalibe kopitirizira. Kasukulu kamene anthu ankamanga ndi mitengo kanali ka ana oyamba kumene. Amayi anakumbukira kuti ali ndi mkulu wawo ku Cuamba, wobadwa kwa amayi awo akulu, amene anakwatiwa ndi munthu wa kunjanji. Uthenga unapita ndi anthu amalonda, yankho n'kubwera loti ndipite ndizikakhala kumeneko. Anandiperekeza ndi bambo.

Tinatsika mpaka ku Mandimba pa njinga, ine kumbuyo, kathumba kanga kali pamiyendo. Njingayo tinaisiya kwa mnzawo, n'kukwera kamiyau, chigalimoto cha katundu, tonse pamwamba pa matumba a chimanga. Msewu unali maenje okhaokha, milatho ina yongoyalidwa matabwa, ndipo woyendetsa anatichenjeza kuti pokadzithandiza tisamapatuke kutali chifukwa cha mabomba okwiriridwa. Njira yonse bambo ankacheza ndi anthu za mvula ndi za mbewu, apa Chinyanja, apa Chiyao. Mayi wina wachikulire anandigwira bondo n'kunena kuti ndili ndi bambo wodziwa kuyala nkhani. Ndinafika ku Cuamba nditayera mbuu ndi fumbi, koma ndikudzimva.

Nyumba ya amayi akuluwo inali imodzi mwa nyumba za anthu a kunjanji, yanjerwa, yamalata, ya khonde lalitali loyang'ana kusiteshoni. Amuna awo aliyense ankawatchula kuti a makinishita, ndiye kuti woyendetsa sitima, ngakhale anali atasiya ntchitoyo chifukwa cha maso. Anali munthu woyererako, wa tsitsi lofewa laimvi. Bambo awo anachokera kutsidya kwa nyanja yamchere, amayi awo anali Mmakhuwa, ndipo Chinyanja anachiphunzira kwa akazi awo. Pakhomopo panatsala mwana mmodzi, mtsikana wa msinkhu wanga, amene anandiuza kuti ndizimutcha mchemwali.

Anatilandira bwino. A makinishita anawapatsa bambo mpando wamatabwa, n'kumawatchula kuti achimwene poti onse anakwatira pa mtundu umodzi. Bambo anakhala, chipewa chili pabondo, n'kufotokoza za kumudzi: amene anabwerera, amene anatsalira ku Malawi, chitsime chimene tinafukula. Analankhula monga mwa masiku onse. Ine ndi mchemwali tinakhala pa mkeka pafupi ndi chitseko, ndipo ndinkamuyang'ana cham'mbali kuti ndione ngati akumva mmene bambo anga amalankhulira.

Kenako kusiteshoni kunalira sitima. A makinishita anadzuka n'kukagwira chipilala cha khonde, khutu atalitchera. Anayamba kufotokoza za njanji ya ku Nampula imene inali kukonzedwa, ndipo mawu awo anasintha. Anakwera, anafulumira, Chipwitikizi n'kuchuluka, chala chikuloza m'mwamba ngati pali gulu la anthu oti alamulidwe. Atatembenuka anafunsa, sitima akuitchula dzina la Chipwitikizi, kuti, "Achimwene, komboyo munakwerapo inu?"

Bambo anayankha kuti kukwera sanakwerepo, koma njanji yopita ku Lichinga anaigwira ndi manja awo. Anati ali mnyamata anatengedwa pamodzi ndi anzawo kukanyamula mitanda yoyalapo zitsulo. Zimenezi sindinkazidziwa. Koma chimene chinandigwira si nkhaniyo ayi, ndi mmene inkatulukira. Pamene ankanena, bambo anayamba kutsetsereka pampando mpaka anafika pamphepete penipeni, kenako anatsika n'kunjuta pansi. Chipewa anachigwira ndi manja awiri pachifuwa. Maso anapita pa nsapato za a makinishita.

"Sim, patrau," anatero, ndiye kuti inde bwana. "Ine kunyamula, patrau. Dzuwa lonse ine osatopa."

Chinali Chinyanja, chinenero chawo chobadwa nacho, koma anachithyola monga ankachithyolera akapitawo achizungu polankhula ndi antchito. Mawu opanda mutu, opanda mchira. Pamapeto pa chiganizo chilichonse ankaikapo kakuseka kakafupi, kopanda chosekedwa. Munthu amene dzulo lake ankatontholetsa mudzi wonse anali kupempha chilolezo kuti amalize mawu ake.

A makinishita anaoneka kuti zawapweteka. Anawagwira mkono n'kunena kuti, "Khalani pampando, achimwene. Ine si patrau wanu." Bambo anabwereradi pampando. Koma a makinishita sankadziwa nkhani ina yocheza ndi mwamuna mnzawo koma njanji basi, ndipo akayamba njanji mawu olamula aja ankabwera okha. Anafunsa za mlatho wina, bambo n'kutsikanso. Iwo akamakwera, bambo ankatsika. Kumbali kwanga ndinaona mchemwali akudzitsina mphuno kuti asaseke, kenako anadzuka n'kuthamangira kukhitchini, ndipo kuseka kwake kunamveka kudzera pakhoma.

Ndinatsala ndekha pa mkeka. Ndinayang'ana mapazi a bambo, ong'ambika m'zidendene, ali m'nkhwaira za matayala, ndipo ndinalakalaka sitima ija ikanatitenga tonse awiri. M'mawa mwake powaperekeza kokwerera kamiyau anabwerera m'mawu awo a masiku onse, n'kumandilangiza za ulemu ndi za kulawirira kumadzi. Ine ndinkangovomera, maso ali pansi. Iwo anayesa kuti ndi chisoni cha kusiyana.

Kusukulu ndinali kale ndi mavuto anga. Chipwitikizi changa chinali chosauka, ndipo ndikasowa mawu pankatuluka a Chingerezi cha ku Malawi, anzanga n'kumaseka. Mchemwali sanali munthu woipa mtima. Anandibwereka diresi, anandionetsa pogula makala, ankandithandiza ntchito ya kusukulu. Koma anali wodziwa kutsanzira anthu, ndipo zoterezi sakanatha kuzisunga. Pasanathe sabata, atsikana a m'kalasi mwathu ankati ndikawapempha cholembera, amagwira manja pachifuwa, kupinda maondo, n'kuyankha kuti "Sim, patrau." Sindinamenyane ndi munthu, sindinakanenenso kwa aphunzitsi. Ndikananena chiyani? Sankanama. Ndinangosiya kupempha zinthu.

Bambo ankatumiza chakudya pa makamiyau, ndipo zolemba zawo pa matumba zinkandichititsanso manyazi. Anaphunzira pang'ono kwa ansembe ali mwana. Pa thumba lalikulu la ufa wa chinangwa, lopita kwa eni nyumba, ankalemba ndi utoto zilembo zoimirira bwino, zokhala ndi michira yopotana, m'Chipwitikizi cha m'maofesi akale: kwa wolemekezeka kwambiri bwana woyendetsa komboyo, kuchokera kwa wantchito wanu wodzichepetsa. Zinkadzaza mbali yonse ya thumba. Pa kathumba kanga ankangokwalapo ndi khala mawu awiri opendekeka, Chinyanja cholembedwa m'kalembedwe ka Chipwitikizi: nhemba zako. Anyamata otsitsa katundu ankawerenga thumba lalikulu mokweza, akuchita sawatcha. Ine ndinkalitembenuza kuti zolembazo ziyang'ane kumutu kwanga, n'kulisenza mpaka kunyumba.

Amayi akulu ankaona zonsezi. Anali mayi wamfupi, wosachedwa kuseka, wogulitsa mandasi pageti. Tsiku lina tikusankha nyemba zija anandifunsa chifukwa chake ndimakhala ngati ndameza mwala likabwera thumba. Osadikira yankho anati amuna a msinkhu wa bambo anga anadutsa m'manja ambiri, ndipo dzanja lililonse linawasiyira kalankhulidwe kake. Anati amuna awo omwe, akamanena za njanji amakhala mzungu, akamanena za amayi awo amakhala kamwana ka Chimakhuwa kofuna kuyamwa. "Ukawatsegulira khomo lolakwika, umalowa nawo m'chipinda cholakwika," anatero. Kenako anati bambo akadzabweranso, woyambitsa nkhani adzakhala iwowo, osati amuna awo.

Bambo anabwera chimanga chitauma, Loweruka, ndi nkhuku ndi mtolo wa nzimbe. Lamulungu titabwera kutchalitchi amayi akulu anatulutsa mipando kuseri kwa nyumba, pansi pa mtengo wa mango, kumene siteshoni sikuoneka. Anaitanitsa ndowa ya kabanga, mowa wa gaga, kwa mayi wina wa pafupi. Ine ndi mchemwali anatipatsa ntchito yosenda chinangwa chapafupi pomwepo. Amuna awiriwo atamwa chikho choyamba, a makinishita anayamba kukonza kukhosi, ndipo ndinadziwa kuti njanji ikubwera. Amayi akulu anawadula. Anafunsa bambo ngati akukumbukira beni amene ankavinidwa ku Mandimba iwo ali achinyamata, kuseri kwa sitolo ya mmwenye.

Bambo anaika chikho pansi. Anaseka, koma osati kakuseka ka pakhonde kaja. Uku kunali kuseka kochokera m'mimba, kumene ine ndinali ndisanakumvepo chibadwire. Anati angaiwale bwanji, poti ng'oma yaikulu ankaimba ndi iwo. A makinishita anati n'zosatheka, chifukwa iwonso ankapita kumeneko pa njinga ya bambo awo, ndipo woimba ng'oma anali kamnyamata koonda kokhala ndi mpata kumano. Bambo anatsegula pakamwa n'kuloza pamene panali mpatawo, mano ena atachoka kale. Onse awiri anagundana mapewa.

Poyamba ndinapuma. Bambo anakhala pampando mokhazikika, mwendo pamwamba pa unzake. Panalibe patrau. Koma nkhani ya beni siikhala pa ng'oma nthawi yaitali. Inapita kwa atsikana amene ankabwera kudzaonerera. Mawu a bambo anayamba kuthamanga, kudumphadumpha, Chiyao ndi Chimakhuwa ndi Chinyanja zonse m'chiganizo chimodzi. Anayamba kuwatchula a makinishita kuti iwe. Anatchula ziwalo za thupi ndi maina ake enieni, mawu amene kwathu mwana akawanena amakwapulidwa ndi tsache. Anaimirira kuonetsa mmene mtsikana wina wa ku Mandimba ankayendera, atagwira m'chiuno, munthu wa imvi, mkulu wa mpingo wa kwathu. Ananena za mikanda yake, ndi mmene ankaimvera ikulira. Ananena kuti anamutsatira chilimwe chonse, ndipo akanapanda kutengedwa kupita kunjanji, bwenzi atamukwatira ameneyo. A makinishita anagwa pampando ndi kuseka, n'kuwonjezera zawo, zoipa kuposa pamenepo.

Amayi akulu ankaseka misozi ili mbwembwembwe, akuwathirira mowa. Mchemwali ulendo uno sanaseke. Bambo ake atafika pa nkhani ya mkazi wa kapitawo wina ndi zenera la kukhitchini, mpeni unamuphonya n'kumucheka chala. Anayamwa chalacho, nkhope itagwa. Tinanyamula beseni n'kukamalizira kusendako m'khitchini, chitseko chotseka, koma mawu ankalowabe pazenera. Sitinayang'anane. Patapita nthawi iye anati, chapansipansi, zimenezi tisakanene kusukulu. Ndinavomera. Za patrau zija sanazitsanzirenso kuyambira tsiku limenelo, ngakhale atsikana ena anapitiriza mpaka zinawatopetsa okha.

Manyazi a tsiku limenelo anali amtundu wina, ndipo sindidziwa kuti olemera anali ati. Pakhonde paja ndinachita manyazi chifukwa bambo anachepa pamaso pa anthu. Pansi pa mango ndinachita manyazi chifukwa ndinawaona ngati munthu amene wamupeza akusamba. Chinandivutanso kwambiri n'chakuti mu nkhani zonse zija amayi anga sanatchulidwemo ngakhale kamodzi. Bambo anawala nkhope chifukwa cha mkazi wina, pamaso pa mkulu wa akazi awo, ndipo mkuluyo ankangowomba m'manja. M'mawa anadzuka ali bambo a masiku onse, anatsazika mwaulemu, a makinishita n'kuwaperekeza atagwirana manja. Kuchokera pamenepo ubwenzi wawo unalimba. Koma sitima ikalira bambo ali pakhomopo, ndinkaona mapewa awo akutsika, ndipo amayi akulu ankafulumira kuyambitsa zina.

Sukulu itatsekera ndinapita kumudzi. Nyumba yathu yatsopano inali itafoleredwa, amayi akuzira pansi. Anaonda, manja atakhakhala ndi dothi, ndipo nthawi zonse ndikawayang'ana ndinkakumbukira mikanda ija. Ndinkawalanda ntchito m'manja, ndinkawatungira madzi asanandipemphe. Amayi anali munthu wa mawu ochepa, ofewa. Nkhani zawo zinali za matenda a ana, za mapemphero, za amene wabereka. Sindinawamvepo akukweza mawu kwa munthu.

Anazindikira kuti chilipo. Tsiku lina masana tikutsuka mbatata kumtsinje, tili awiri, anandifunsa ngati ndili ndi pakati. Ndinakana mpaka kulumbira. Anafunsa ngati a ku Cuamba akundizunza. Ndinakananso. Anandidikira mpaka ndinalephera kupirira. Ndinawauza za Lamulungu lija, mozungulira, ndikudumpha mawu onse oipa. Ndinangoti bambo atamwa ananena za mtsikana wina wa ku Mandimba amene ankamufuna kale. Ndinanena maso ali m'madzi, ndikuyembekezera kuti alira, kapena andiuza kuti za akulu sizindikhudza.

Amayi anaimika msana. Anafunsa kuti, "Wa mikanda uja?"

Ndinavomera ndi mutu.

Anaponya mbatata m'dengu mwamphamvu mpaka madzi anandithovukira. Kenako panatuluka mayi amene sindinkamudziwa. Anamutchula mkaziyo dzina la nyama, n'kulongosola miyendo yake, ndi mano ake, ndi fungo lake, m'mawu akuthwa othamanga ngati a atsikana okangana pachitsime. Anati nkhani yoti bambo analephera kumukwatira chifukwa cha njanji ndi bodza la amuna. Bambo anabwerako kunjanjiko mkaziyo adakalipo, akugwedezabe mikanda yakeyo. "Ndinamupeza ine pamsika," anatero. "Ndinamukhalira pamsana, n'kumudula mikandayo ndi mano. Anatolera yekha m'fumbi, anthu akuonerera." Anaonetsa ndi manja mmene anamugwirira tsitsi. Anati bambo anamva nkhaniyo madzulo ake, ndipo sabata yotsatira anatumiza amalume awo kwa makolo a amayi kukafunsira ukwati.

Anaseka mpaka kukhala pansi pamwala, chitenje chitanyowa. Anawonjezera zina za bambo ali mnyamata, zimene sindingazilembe pano, ndipo sindinazipemphe. Ine ndinaima m'madzi, mbatata ili m'manja, osadziwa koyang'ana. Kutsidya kunali amayi ena awiri akuchapa, ndipo anali atasiya kuchapako.

Atatha kuseka anapukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje. Anandiyang'ana, ndipo ndikuganiza kuti m'pamene anakumbukira kuti akulankhula ndi mwana wawo. Anakonza mpango kumutu. Mawu awo anabwerera pansi, ofewa monga kale, n'kundiuza kuti ndifulumire chifukwa mwana wa oyandikana nawo akutsegula m'mimba, ndipo analonjeza kukamuona dzuwa lisanapendeke. Anandisenzetsa dengu. Tinakwera chitunda, iwo patsogolo ine pambuyo, ndipo podutsa pafupi ndi amayi ochapa aja anawapatsa moni mwaulemu wonse, ine nditabisa nkhope kuseri kwa mkono wogwira dengu.